Mpheta ndi mbewa: ndani akutithera mpunga?

MayiWaKuDomasi
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani imene takhala tikutsutsana ndi bambo akunyumba kuyambira Lamlungu, mpaka lero sitinamvane. Tili ndi puloti ya mpunga kumunsi kuno, chakufupi ndi dambo la Chilwa. Mpunga wabereka, wayamba mkaka, ukafinya kanjere pachala kakutuluka toyera. Mpheta zafika kale. Dzulo ndinalawirira dzuwa lisanatuluke, ndinakazipeza zitatera pa ngala, nditaomba m'manja zinauluka ngati utsi n'kukatera kwa aneba, nditangotembenuka zabwereranso. Chaka chatha tinakolola matumba ochepa kuposa m'mene tinkayembekezera. Ine ndikuti zinatithera ndi mpheta, bambo akuti ndi mbewa. Kandalama tili nakoka n'kokwanira chinthu chimodzi basi: kulemba mnyamata woamira mbalame mpaka tidzamwete, kapena kugula misampha ndi matumba osungiramo. Ana sindikufuna kuwajombetsa kusukulu ngati m'mene ankatichitira ife. Inu amene mukuzidziwa bwino ziwirizi, woopsa ndi uti?

MnyamataWaNtcheu
Mbewa si mdani mayi, mbewa ndi ndiwo. Lembani woamira mbalame, mbewazo muuze anyamata a m'mudzi akuthandizani ulere.

GogoWaMapira
Mwanawe, ndiwo imeneyo isanafike pampani wako imakhala itadya za eni ake. Koma pa funso la mayiwa ine ndili kumbali ya mpheta. Ine ndakulira kuno ku Shire Valley, kulima mapira ndi mchewere. Ndinaonapo ndi maso angawa mtambo wa mbalame ukuchokera kumadambo m'mawa, phokoso lake ngati mvula ikubwera patali. Munda wa mapira wa achemwali anga unatha tsiku limodzi, tsiku limene anapita kumaliro osasiya munthu pansanja. Pobwera madzulo anapeza ngala zili mbuu, mankhusu okhaokha. Anakhala pansi m'mundamo n'kumalira ngati maliro aja awatsatira kunyumba. Mbewa sinachitepo zimenezo tsiku limodzi.

Mlangizi_Wopuma
Zikomo mayi pofunsa. Ndiyambe ndi kulekanitsa, chifukwa dzina loti mpheta timalipereka kwa timbalame tambiri. Pali mpheta za pakhomo zija zimatola nyenyeswa pamtondo, pali atchete oluka zisa zolendewera m'mitengo ya m'mbali mwa madzi, ndiye pali yamlomo wofiira imene alangizi timaitchula kuti quelea. Imene agogo akunenayo ndi imeneyi. Kambalame kake n'kochepetsetsa, kutalika pafupifupi masentimita 12, kulemera magalamu 20 kapena kupitirira pang'ono. Patsiku kamadya njere zokwana pafupifupi magalamu 10. Mukakaona kamodzi mungati palibe nkhani. Vuto ndi kuchuluka. Akatswiri amati mu Africa muno ziliko pafupifupi 1.5 biliyoni, ndipo palibe mbalame ina yakutchire yochuluka kuposa imeneyi padziko lonse. Gulu la mbalame 2 miliyoni likadya magalamu 10 iliyonse, ndiye matani 20 patsiku, matumba 400 a makilogalamu 50. Onjezani zimene zimangoyoyola pansi, ndi njere za mkaka zimene zimangoboola n'kutsopa.

Komabe muzindikire kuti chakudya chake chenicheni ndi njere za udzu wakutchire. Zimatembenukira ku mpunga, mapira, mchewere ndi tirigu makamaka udzu ukachepa kapena munda ukakhala panjira yake. Chimanga sizilimbana nacho, njere zake n'zazikulu ndiponso zili m'makoko. Ndipo nthawi yake yokuvutitsani ndi yodziwika: kuyambira mkaka mpaka kumweta, masabata owerengeka.

Mbewa ilibe masabata. Mukabzala imafukula mbewu paphando. Mbewu ikamera imadula. Mpunga ukatenga mimba imadula phesi m'munsi kuti idye kamtima kofewa kaja, ndipo phesi limodzi lodulidwa ndi ngala yonse yatayika. Mukamweta n'kuunjika, ili pansi pa mulu. Mukatuta, yakutsatirani kunyumba. Ndiye bambo akunyumbawo musawatsutse msanga.

GogoWaMapira
Alangizi, mwanena nokha matumba 400 patsiku. Mbewa yanji ingafike pamenepo?

Mlangizi_Wopuma
Agogo, gulu lotero silitera m'munda wa aliyense chaka chilichonse. Likakugwera ndi tsoka lenileni, sindikukana, koma midzi yambiri imatha zaka osaliona. Mbewa ilipo m'munda uliwonse, chaka chilichonse, usiku uliwonse. Mbalame imakuba ukuiona ndipo umakwiya nayo. Mbewa imakuba uli m'tulo, pokolola n'kumanamizira mvula kapena feteleza.

AphunzitsiASayansi
Ndiwonjezere pa kaswanidwe, chifukwa mpamene ziwirizi zimasiyana kwambiri. Quelea yaikazi imaikira mazira atatu kawirikawiri, imafungatira masiku 10 kapena kupitirira pang'ono, ndipo ana amatuluka m'chisa patatha pafupifupi masabata awiri. Zimaswana pamodzi, zisa zambirimbiri m'mitengo yaminga kapena m'mabango, ndipo zimatha kusamuka kukaswananso kwina kumene mvula yagwa. Yaimuna ndiyo imayamba kuluka chisa, ndipo nyengo imeneyo nkhope yake imasintha, yambiri imada ngati yavala chigoba. Yaikazi mlomo umasanduka wachikasu.

Tsono mbewa ya m'minda yofala kwambiri kuno kwathu, imene m'mabuku amailemba kuti Mastomys natalensis, ili ndi mawere ochuluka modabwitsa, ina mpaka 24. Bere lake ndi la masiku pafupifupi 23, ndipo kuswa ana 10 kapena 12 nthawi imodzi si zachilendo. Ikangoswa imatha kutenganso bere, ndipo ana aja pakatha miyezi iwiri kapena itatu nawonso ayamba kuswa. Ofufuza a ku Sokoine University ku Morogoro m'dziko la Tanzania akhala akuitsatira kwa zaka zambiri, ndipo anapeza kuti mvula ikagwa yambiri molawirira, mbewazi zimayamba kuswana msanga n'kudzachuluka koopsa miyezi yotsatira. Mbalame zitatu pachisa, mbewa khumi pafunkha. Mbalame imapambana chifukwa choyenda pagulu ndi kuuluka mtunda wautali, mbewa imapambana chifukwa choswana pomwepo pamene pali chakudya.

Chitute77
Mawere 24? Aphunzitsi mwawonjeza.

MnyamataWaNtcheu
Sanawonjeze achimwene. Tumbulani yaikazi yoyamwitsa muone, mawere amayambira m'khwapa mpaka kumiyendo yakumbuyo, mizere iwiri. Ife timaziona tsiku ndi tsiku.

Chitute77
Chabwino ndavomera. Koma musaziphatikize mbewa zonse ngati ndi imodzi. Kwathu ku Dedza timadziwa kuti phanya ndi wina, wa mchira wautali ndi miyendo yakumbuyo yodumphira, amakonda dothi la mchenga. Chitute ndi wina, waulesi poyenda, amanyamula njere m'masaya n'kukaunjika kuuna, ukakumba umapeza nkhokwe yake ya mtedza ndi nyemba. Kapuku ndi wamafuta uja, nthawi yozizira amangogona kufunkha, ukamupeza sathawa n'komwe. Pinji ndi kakang'ono kwambiri, kolemera mosafika ngakhale mpheta. Mende amakhala m'madambo. Khoswe ndi wa m'nyumba, ameneyo sitidya. Aliyense ali ndi khalidwe lake.

WakuChipata
Kuno kwathu ku Eastern Province maina ena timatchula mosiyanako, koma mbeba timadya chimodzimodzi. Malire anangotidula pamapu, pamphika ndife amodzi. Kapuku ndiye mfumu ya zonse, mafuta ake amanona ngati nkhumba.

Wa_Joni
Mwandikumbutsa kumudzi abale anga. Kuno ku Johannesburg ndatha zaka zisanu osalawa. Ndikakumbuka basi ikaima pamsewu wa M1 chakumtunda kwa Ntcheu, anyamata akuthamanga ndi mipani m'manja, mbewa zowiritsa ndi mchere, zowamba bwino, mtima umandipweteka. Ndi nsima yamgaiwa ndi tsabola pang'ono basi.

NaPhiri_Machinga
Ife a Chisilamu sitidya mbewa, ndipo anzathu a Seventh Day nawonso sadya. Ndiye malangizo oti "idyani mdaniyo" satithandiza tonse. Tibwerere ku funso la mayi aja. Mpunga wawo sukudikira kuti timalize kukambirana za ndiwo.

Wa_Joni
Pepani achemwali, ndinatengeka ndi chilakolako cha kumudzi.

NaPhiri_Machinga
Palibe kanthu achimwene. Mayi a ku Domasi, ine ndine mnzanu, ndimalima mpunga tsidya lino la dambo lomwelo. Ndikuuzeni zimene ndinachita nditakhala ndi funso ngati lanulo. Ndinalowa m'kati mwenimweni mwa puloti, osati m'mphepete ayi, pakati. Kunja kumaoneka bwinobwino, kobiriwira, koma pakati ndinapeza malo ngati dazi, mapesi atadulidwa mopendeketsa ngati ndi lumo, ali lambalamba m'madzi, ena atayamba kale kuvunda. Pa kamzere ka m'malire panali mauna atatu ndi timanjira tosalala topita m'madzi, manyi ake akuda ngati njere za mpunga wopserera. Ndinatenga phesi limodzi m'manja, linali ndi mimba, ngala ili m'kati isanatuluke. Zaka zonsezo ndinkaima pansanja kukuwa mpaka mawu kusasa, maso ali kumwamba, pamene wina akundimweta kunsi kwa mapazi. Pitani mawa mukalowe pakati, mukawerenge mapesi odulidwa ndi ngala zoboola mbalame. Munda wanu womwewo ukuuzani.

Mlangizi_Wopuma
Mayi Phiri anena zoona. Ngala yodyedwa ndi mbalame imaima chilili, imangoyera ndi kupepuka, mumaionera patali. Ya mbewa imagwa pansi n'kubisika.

BamboWaZitini
Komatu mbalame musazichepetse. Ine ndinayesa zonse. Ndinamanga zingwe kuchokera pansanja kupita kumakona onse, n'kupachika zitini zamiyala m'kati. Ndinapachika mapepala apulasitiki, matepi akale a makaseti onyezimira aja, ndinaimika chidole chovala malaya anga akale ndi chipewa. Masiku atatu oyamba zinkaopa. Tsiku lachinayi ndinapeza zitatera pa phewa la chidolecho. Chimene mpheta imaopa ndi munthu wamoyo woyenda, wokuwa, woponya dothi ndi legeni. Ndipo nthawi zake ndi ziwiri: m'mamawa dzuwa likamatuluka ndi chakumadzulo. Masana dzuwa likaswa mtengo zimakabisala m'mithunzi ndi kukamwa madzi. Ngati ndalama n'zochepa, gwirizanani ndi eni mapuloti oyandikana nanu, mulembe mnyamata mmodzi kapena muzisinthana. Kuamira pawekha n'kungothamangitsira mbalame kwa mnzako, iyenso akubwezera.

Chitute77
Bwanji boma lisangopopera mankhwala zithe zonse?

Mlangizi_Wopuma
Kupopera kumachitika gulu likakula kwambiri. Pali bungwe la mayiko a chigawo chino lolimbana ndi dzombe lofiira, IRLCO-CSA, likulu lake lili ku Ndola m'dziko la Zambia, ndipo quelea ilinso m'gulu la zowononga zimene limayang'anira. Amafufuza pamene mbalame zimagona n'kupopera usiku mankhwala otchedwa fenthion. Koma mankhwalawa sasankha. Amapha mbalame zina zosalakwa, amaphanso akabawi ndi nyama zodya mitembo ya mbalamezo, ndipo anthu amene amatola mbalame zakufazo kukadya amaika moyo pachiswe. Pa dambo ngati la Chilwa, limene linalembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar, pali nsomba, pali mbalame za m'madzi zimene anthu amadalira. Si malo opoperapo mwachisawawa. Ndiponso mayiko akhala akupha mamiliyoni kwa zaka makumi ambiri, koma mbalamezi sizinathe.

AphunzitsiASayansi
Funso la a Chitute77 linayesedwapo kwina. Ku China m'chaka cha 1958 boma la Mao Zedong linalamula kuti anthu athe zinthu zinayi: makoswe, ntchentche, udzudzu ndi mpheta. Anthu ankaomba ziwaya ndi ng'oma kuti mbalame zisatere mpaka zigwe ndi kutopa, ankaphwanya zisa ndi mazira. Mpheta zinatsala pang'ono kutha. Chimene anaiwala n'chakuti mpheta imadyetsa ana ake tizilombo. Tizilombo towononga mbewu, kuphatikizapo dzombe, tinachuluka, ndipo izi zinawonjezera pa njala yoopsa imene inapha anthu mamiliyoni ambiri zaka zimenezo. Pofika 1960 anachotsa mpheta pa mndandandawo n'kuikapo nsikidzi. Mpheta ya ku China ndi mtundu wina, si quelea, koma nayonso quelea ikamalera ana imagwira ziwala ndi mbozi. Makoswe aja, amene analinso pa mndandanda womwewo, sanathe.

GogoWaMapira
Ine sindinanene kuti zithe. Ndani angafune m'mawa wopanda kulira kwa mbalame? Pakhomo panga pamabwera phwiti ndi timba, ndimawathirira madzi m'phale. Akuluakulu anati timba sachepa ndi mazira ake. Ndewu yanga ili ndi za mtambo zija basi.

Nesi_wa_kuBoma
Pali mbali imene simunaikhudze: matenda. Mpheta ikadya mpunga nkhani yathera pomwepo. Mbewa ndi makoswe zimasiya mkodzo ndi ndowe m'chakudya, ndipo nthata zake zimafalitsa matenda a plague. Si nkhani yakunja, ku Nsanje anabuka m'chaka cha 2002. Ku West Africa mbewa yomweyi ya mawere ambiri ndiyo imanyamula kachilombo ka Lassa fever. Sindikuopseza odya mbewa, koma muziphika zipse, musamagwire zofa zokha, ndipo ana asamasewere nazo. Chachiwiri, chonde chonde, mankhwala akuda aja ogulitsa m'timapepala pamsika, amene timawatchula kuti temiki, asalowe m'nyumba muli ana. Kuchipatala timalandira ana amene anatola chakudya chothira mankhwalawa, ena sitiwapulumutsa. Nkhuku, agalu ndi amphaka zimafanso. Ndipo mbewa yofa ndi poizoni wina akaitola n'kuiika pampani, wogula sangadziwe.

MnyamataWaNtcheu
Apo anesi mwalasa. Ife ogulitsa enieni sitigwiritsa poizoni, tingaphe makasitomala athu omwe. Njira yathu ndi ndowa. Mumakumba n'kukwirira ndowa kukamwa kwake kulingane ndi dothi, mumathira madzi theka, pamwamba mumapingasa kawaya kolowetsa kachitini kapena kabango kozungulira, n'kupaka gaga wokazinga. Fungo la gaga wokazinga mbewa siingalipirire. Ikakwera, kabango kagubuduka, yagwera m'madzi. Usiku umodzi ndowa imodzi imagwira zambiri kuposa diwa, chifukwa diwa likagwa lagwa, pamene ndowa imagwirabe mpaka kucha. Mayi a ku Domasi simukufunika kugula misampha ya m'sitolo. Ndowa zakale zilipo pakhomo, gaga alipo kuchigayo. Zikwirireni m'timizere ta m'malire momwe muli mauna.

Mlimi_wa_Mtayakhasu
Inu anyamata a mbewa ndili nanu mawu. Chaka chatha ndinayala mapesi m'munda wonse monga anatiphunzitsira, kuti chinyezi chisungike ndi nthaka ibwerere. Mwezi wa August anyamata osaka mbewa anabwera n'kuyatsa moto, mapesi onse phulusa, ndi timitengo ta nsangu ndinabzala tija tinapserera. Pamwamba pake anandisiyira maenje munda wonse. Ntchito ya miyezi iwiri inapita chifukwa cha mipani ingati? Pamenepo wandiwononga ndi ndani, mbewa kapena wosaka mbewa?

MnyamataWaNtcheu
Pepani bambo, zimenezo n'zolakwika ndipo sindingaziikire kumbuyo. Si tonse timatentha. Wodziwa kukumba safuna moto: amaona una, amatseka kaye mbuli kuti isathawire kumeneko, amatsata njira mpaka adutse masa n'kufika pafunkha. Koma kunena zoona, mapesi oyalawo mbewa zimawakonda, zimabisalamo. N'chifukwa chake anyamata amathamangira minda yotero.

Mlimi_wa_Mtayakhasu
Azibwera adzandipemphe, titchere limodzi ndowa zanuzo. Moto ayi.

AphunzitsiASayansi
Pali mlenje wina amene satentha munda ndipo safuna malipiro: kadzidzi. Usiku umodzi amagwira mbewa zingapo, akakhala ndi ana ndiye kuposa. Koma akangolira padenga timamugenda, ena mpaka kugwetsa mtengo umene amagona. Njoka zosaopsa za m'munda nazonso timapha tikangoziona. Tikatero n'kumadabwa kuti mbewa zachuluka bwanji.

GogoWaMapira
Za kadzidzi tisiye aphunzitsi. Ine padenga panga ayi. Kumunda akhale, kumeneko sindimuletsa.

AphunzitsiASayansi
Kumundako n'kumene tikumufuna agogo. Kungoimika mitengo italiitali iwiri itatu m'munda kuti azitera poyang'ana pansi, basi.

NaPhiri_Machinga
Za matumba zija mayi, ndinaiwala. Matumba a PICS, a mapulasitiki awiri m'kati aja, amathandiza kwambiri ku anankafumbwe, ndipo popeza fungo silituluka mbewa siziwalondola msanga. Koma mano a mbewa amakula moyo wake wonse, imayenera kumangowenga zinthu, ndiye ikalipeza thumba pansi pakona yamdima idzaliboola ndithu. Muwaike pa thandala, atalikirane ndi khoma, pansi pazioneka posesa. Amenewo mudzagula mukamweta, mutagulitsako pang'ono. Si a lero.

Mlangizi_Wopuma
Ndiye tikaphatikiza zimene anzathu anenazi, mayi, mpunga wanu uli pa mkaka, ndipo masabata amenewa ndi a mbalame. Kandalamako kapite kwa woamira, makamaka mutasonkherana ndi aneba monga anenera a BamboWaZitini. Mbewa muyambe nazo usiku uno ndi ndowa, ndipo mulambule udzu wa m'malire. Koma kunena mosabisa, nkhondo ya mbewa munachedwa nayo. Imayenera kuyamba musanawokere, zisanaswane, ndipo mapuloti onse nthawi imodzi. Chaka chamawa mukaikambe pa msonkhano wa sikimu mvula isanagwe.

BamboWaZitini
Ndipo muzibzala nthawi imodzi ndi anzanu. Puloti yocha yokha patsogolo kapena yotsalira m'mbuyo ndiyo imasanduka mbale ya mbalame zonse za m'dera.

MayiWaKuDomasi
Ndabwerako kumunda, zikomo nonse. Tinapita awiri ndi bambo m'mawa uno, tinalowa mpaka pakati monga ananenera mayi Phiri, madzi akufika m'mawondo. M'mphepete chakumabango ngala zambiri zayera, zimenezo ndi mbalame, bambo avomereza. Koma pakati tapeza malo awiri aakulu ngati mphasa, mapesi ali pansi, odulidwa mopendeketsa ndendende m'mene munafotokozera. Mauna tawerenga asanu ndi awiri pa mzere wa kumadzulo wokha. Ine ndinangoti kakasi, zaka zonsezi sindinalowepo pakati mpunga ukabereka, ndimaopa kuthyola ngala. Talankhula ndi eni mapuloti awiri oyandikana nafe, avomera kuti tisonkhe, mnyamata ayamba mawa m'mamawa, ndipo madzulo tizisinthana ife akuluakulu. Ndowa ndapeza zitatu, imodzi ndi yodontha koma bambo akuti aimata ndi phula. Gaga ndakazinga kale, nyumba yonse ikununkhira. Achimwene a ku Ntcheu, kabango kaja kakhale kotalika bwanji, ndipo gagayo ndimupake wouma kapena ndimunyowetse kaye?

MnyamataWaNtcheu
Kotalika ngati chikhatho chanu mayi, kazizungulira momasuka pawayapo. Gaga mumunyowetse pang'ono kuti amatirire, wina muwaze pansi kuzungulira ndowa. Mukapite kukaona kusanache, agalu asanakuyambireni.